Galu Wamkota wa a Chimwaza ndi Madzi a mu Mkhate

A Chimwaza analakwa, ana inu, ndipo kulakwa kwawo kunangotsala pang'ono kuphetsa galu wosalakwa. Sanali munthu wankhanza ayi. Anangokhulupirira dzanja lawo kuposa pakamwa pa mnzawo.

Bambo ameneyu anali mmisiri wosula makasu. Moyo wake wonse unathera pachipala, pakati pa makala ndi mvukuto, mpaka zikhatho zake zinauma ngati chikopa cha ng'oma. Khala lamoto likagwa pansi ankalitola ndi zala n'kulibwezera pamoto, nkhani ili m'kamwa.

Pakhomopo panali galu wamkazi, dzina lake Kaduka. Anali wamkota, kutanthauza kuti anali atabereka kambirimbiri, ndipo kukamwa kunali kutayamba imvi. Womusambitsa masiku onse anali mayi wa pakhomopo, a Nankhoma. Ankasinja masamba a ombwe opha utitiri, n'kuwathira m'madzi mu mkhate, mphika waukulu wosambira uja, ndipo Kaduka ankaima duu mpaka amalize.

Chaka china m'nyengo yozizira, a Nankhoma anapita kukadikirira mwana wawo wamkazi amene anali woyembekezera. Utitiri unamuchuluka galu uja. A Chimwaza anamumvera chisoni, n'kuganiza kuti nkhalamba yotere singasambe madzi a pachitsime kukuzizira chonchi. Apo analondola. Anatereka madzi, n'kuwatsanulira mu mkhate, n'kuviika dzanja. Dzanjalo linawauza kuti madzi angofunda. Nthunzi sinawadabwitse, poti kukazizira ngakhale mpweya wa m'kamwa umafuka.

Chikho choyamba chitangofika pamsana, Kaduka analira mokuwa n'kuthawira m'munda. Tsiku lina atayesanso, galuyo anangoona mkhate n'kuyamba kunjenjemera, ndipo atamukoka anawaonetsa mano. A Chimwaza anakwiya. Anakadandaula okha kwa anthu obwera kudzasulitsa makasu kuti galu wawo wayamba kuopa madzi.

Mawu amenewo ndiwo anaononga zinthu. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti galu woopa madzi ndi wachiwewe. A Kamtedza, oyandikana nawo nyumba, anali ndi ana ang'onoang'ono osewera pabwalo lomwelo, ndipo ananenetsa kuti sadikira kuti wina alumidwe kaye. Anthu anagwirizana kuti Kaduka aphedwe.

A Nankhoma anabwera nkhani itapsa kale. Atamva zonse anafunsa funso limodzi lokha, lakuti madziwo anawayesa ndi chiyani.

"Ndi dzanja lomwe limakudyetsanili," anayankha a Chimwaza. "Mukufuna mundiphunzitse moto ine?"

Mayiwo anati galu wachiwewe sakamwa madzi kukhwawa, koma uyu amuona akumwa. Amuna awo anawadula pakamwa pamaso pa anthu, amvekere za agalu n'za amuna. A Nankhoma anangopempha kuti galuyo ayesedwe komaliza. A Kamtedza anavomera: akalola kusamba akhale ndi moyo, akakana basi.

M'mawa mwake abambo anabwera ndi zibonga. A Chimwaza mtima unali kuwawa, chifukwa galuyu ankagona pakhomo la chipala chawo chiyambire ali kamwana. Komabe anakaniza akazi awo kukhudza madzi. Anatereka okha, anatsanula okha, n'kuviika dzanja mpaka m'chikhatho kuti onse aone. Mkhate anaukhazika pamalo otsetsereka pang'ono, n'kuuchirikiza ndi kamwala.

A Chimwaza atamukoka ndi chingwe kufika pafupi ndi mkhate, Kaduka sanalume munthu. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kukanda pansi, patsinde penipeni pa mkhate. Anakanda, nakanda, fumbi koboo. Wina anati taonani misala ija yayamba, ndipo a Kamtedza anakweza chibonga. Nthawi yomweyo kamwala kaja kanasuntha, mkhate unapendekeka, madzi onse khuthu pamapazi a a Chimwaza.

Pamwamba pa phazi, ana inu, sipagwira nyundo. Mmisiri uja anataya chingwe n'kudumpha ngati waponda njoka, uku akuitana mayi ake amene anamwalira kalekale. Posakhalitsa matuza anatuluka.

A Kamtedza anatsitsa chibonga pang'onopang'ono. "Achimwene," anatero, "woopa madzi uja ndi uti kodi? Tiyambe ndi inu?"

Anthu anaseka, koma a Chimwaza sanaseke. Anakhala pansi n'kuyang'ana zikhatho zawo ngati za munthu wina.

A Nankhoma sananyoze. Anayamba athira madzi ozizira pamapazi a amuna awo. Kenako anaitana Kaduka, n'kupatula ubweya wa pamsana, ndipo onse anaona khungu lofiira, pena losupuka. Anauza anthuwo kuti ubweya umanamiza, pansi pake khungu la galu n'lofewa kuposa lathu. Anatereka madzi ena, n'kumathiramo ozizira pang'onopang'ono, akuviika chigongono osati dzanja. Anati madzi osambitsira galu azikhala ngati mkaka wongokama kumene. Chigongono chikamva kutentha, galu apsa. Chikamva kuzizira, nkhalamba ngati iyi igona ikunjenjemera. Chikapanda kumva kanthu, ndiye abwino.

Kaduka ananunkhiza mkhate, nayang'ana mayi uja. A Nankhoma anayamba kumunyowetsa miyendo, kenako m'khosi, mosamala polambalala zilonda. Galu anaima duu ngati kale, maso ali tsinzi. Atamaliza anadzikutumula, madzi n'kuwazikira a Kamtedza kumaso, ndipo iwo anangopukuta akuseka. Abambo aja anabwerera kwawo zibonga zili kumbuyo, aliyense akuthokoza kuti sanafulumire. Akutuluka pachipata, a Kamtedza anapukusa mutu n'kunena kuti, "Galu wamkota sakandira pachabe."

Mawuwo anatsala m'mudzimo mpaka anafika kwa ife. Amatanthauza kuti amene waona zambiri sachita kanthu popanda chifukwa. Wamkulu akakana chinthu, akabwereza funso, kapena akaumirira pamene inu simukuonapo vuto, musathamangire kunena kuti wasokonezeka mutu. Imani mufunse chimene waona. Mwina chimene inu mumadalira, ngati dzanja la a Chimwaza, chinaleka kale kumva.

Anthu atabalalika, mmisiri uja anakhala pakhonde mapazi ali m'madzi, Kaduka atagona chapatali ndithu. Potsiriza anaitana akazi awo.

"Nankhoma, munandifunsa bwinobwino, ine n'kukuchititsani manyazi pagulu. Galuyu ndinamuwotcha ndine, n'kumunamiziranso misala. Pepani, mayi. Ndinalakwa."