Mbuzi za Che Jafali pa Tsamba Lachisanu

Kutatsala masiku khumi ndi limodzi kuti ikwane Idi ya Kurubani, Che Jafali Mtalika anafika pa mzikiti wina ku Nsanama pa njinga yamoto, nkhope ili ngati ya munthu amene waluma mwala mu mpunga. Iwo anali wogulitsa mbuzi. M'khola mwawo munali mbuzi makumi asanu ndi limodzi zimene anazisonkhanitsa m'midzi kuti agulitse kwa anthu ofuna kuzinga nsembe ya Idi. Ogula ambiri masiku ano ali ku Joni. Munthu amafufuza pa foni, n'kupeza wogulitsa, n'kumuuza kuti mbuzi ikazingidwe kwa amayi ake kumudzi. Koma chaka chimenecho foni ya Che Jafali inali zii, ndipo ankadziwa kuti Idi ikadutsa mbuzi zonsezo ziwatsalira pakhomo, mtengo utagwa, madeya atatha.

Che Jafali anapeza Shehe Twaha Likonde atanjuta pa mpopi wa udhu, pamene anthu amasamba asanaswali, akukulunga mpira wa chubu pa paipi yodontha. Shehe ameneyu anaphunzira hadisi, nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki, zaka zambiri kunja, koma mlendo akanangowayesa mlonda wa pamalopo. Ndiwonso ankasamala tsamba la madrasa pa intaneti, popeza panalibe wina woifuna ntchitoyo.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu wa rahmatullahi wa barakatuhu. Mwayenda bwanji, Che Jafali? Kunyumba ali bwanji amayi ndi ana?"

"Ali bwino, Alhamdulillah. Amene sindili bwino ndine."

Shehe anapukuta manja n'kuwalozera benchi ya pakhonde. Che Jafali anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchiyo, foni ili kale m'manja.

"A Shehe, ine ndine munthu wosabisa mawu. Duwa imene munamuchitira Amini Sumaili, pemphero lomwelo mundichitirenso ine. Tonse ndife ana a mzikiti uno."

Amini ameneyo anali wogulitsa mbuzi mnzawo wa tsidya la msewu, munthu wofatsa, wa khola laling'ono.

"Duwa yake iti?" anafunsa Shehe.

"Taonani nokha." Che Jafali analemba pa Google kuti mbuzi za kurubani Machinga. Pamwamba penipeni panatuluka Amini. Iwo anapitiriza kukankha ndi chala, tsamba lachiwiri, lachitatu, lachinayi, akupumira m'mwamba. Dzina lawo linali pa tsamba lachisanu, pansi pa munthu wogulitsa zingwe zomangira mbuzi. "Wa zingwe, a Shehe! Wa zingwe ali pamwamba pa ine mwini mbuzi! Kodi alipo munthu amene amafika tsamba lachisanu? Ngakhale mayi a kunyumba kwanga anatopera panjira."

Kenako anafotokoza ntchito imene anagwira. Munthu wina anawauza kuti tsamba limakwera ngati linki yake, kamzere kaja kamene munthu akakadina amafika kwa iwe, ikupezeka malo ambiri. Tsono kwa miyezi itatu iwo anaimwaza pa Fesibuku ngati mapira. Anaiika m'gulu la okonda mpira, m'gulu la aphunzitsi opuma pantchito, m'gulu la amayi ogulitsa zitenje, ndi pansi pa chithunzi chilichonse cha ukwati chimene anakumana nacho. Mwa kuwerenga kwawo, inapitirira zikwi ziwiri. Anawaonetsanso Shehe chala chawo chachikulu kuti aone mmene chinatupira.

"Ndinaiona," anatero Shehe mofatsa. "Ndinaionanso pansi pa uthenga wa maliro a Che Bwanali."

Che Jafali anatsokomola. "Pamaliro pamasonkhana anthu ambiri, a Shehe."

Magulu atatu anali atawathamangitsa kale, koma zimenezo sanazitchule.

"Pamene Amini," anapitiriza, "sindinamuonepo akuika ngakhale kakhumi. Munthu wogona choncho angakhale bwanji patsogolo? Pali dzanja la munthu apa. Ngati si duwa yanu, ndiye kuti ndi zina zimene sindifuna kuzitchula pa khonde la mzikiti."

"Musazitchule ndithu," anayankha Shehe, "poti mukhala mutamunamizira m'bale wanu. Duwa ya Amini ndi yomwe ija ndimachitira anthu onse tikatha swala, inunso mumakhala momwemo. Ina yobisa m'thumba ndilibe. Tiyeni ndikuonetseni kanthu."

Anawatengera pa bolodi ya pakhomo la mzikiti, pamene anthu amamata zidziwitso. Wina ankagulitsa wilibala, wina ankafuna nyumba ya lendi, winanso ankati amachiza matenda a shuga ndi masamba. Pamwamba pa bolodiyo panali mawu a utoto: Zomata apa ndi za eni ake, komiti ya mzikiti sizichitira umboni.

"Mukukumbukira chimene tinalembera mawu awa?"

"Si uja anamata za mbewu ya chimanga, kukapezeka kuti ndi chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto? Anthu anabwera kudzakalipira komiti."

"Ndi ameneyo. Tsono ine za makina ndimangodziwa pang'ono, zimene ndinatola posamala tsamba la madrasa, koma ichi ndinachimvetsa. Eni ake a Fesibuku ndi masamba ena ochezerapo ali ngati komiti yathuyi. Aliyense amamata zake, ndipo iwo sangamudziwe aliyense. Choncho mawu ngati awa amawamangirira ku linki iliyonse, pobisika pamene ife sitiona koma makina ofufuzira amaona. Kachizindikiro kake amakatcha nofollow. Ndi ngati kunena kuti pepala ili lili pakhoma langa, koma mwini wake sindikumuikira kumbuyo."

"Ndiye zikukhudzana bwanji ndi tsamba lachisanu?"

"Google akamasankha woyenera kukhala patsogolo, mwa zina amayang'ana kuti ndi masamba ati odalirika amene akuloza kwa munthuyo mwa kufuna kwawo. Linki yokhala ndi kachizindikiro kaja kawirikawiri saiwerengera ngati umboni. Akatswiri a hadisi ankachita chimodzimodzi kalekale. Nkhani ikawapeza sankafunsa kuti yanenedwa kangati. Ankafunsa kuti wainena ndani, anaimva kwa yani, ndipo akumudziwa ndani. Munthu mmodzi akanena chinthu kachikwi, mboni ikadali imodzi. Ndiye apa mboniyo ndi mwini mbuzi yemwe."

Che Jafali anayang'ana chala chawo chija, ndipo zinawawawa kwambiri. "Mukundiuza kuti miyezi itatu yonseyi ndimatunga madzi ndi dengu?"

"Ayi, si pachabe penipeni. Anthu amawerenga bolodi, ndipo wilibalayi wina adzaigula. Enanso anadina linki yanu n'kukuonani. Koma kumata sikukweza munthu pa mndandanda uja."

"Nanga Amini anakwera bwanji?"

Shehe anapempha foni ija n'kuwaonetsa. Nyumba ina yosamalira ana amasiye inalemba pa tsamba lake kuthokoza Amini chifukwa cha mbuzi zabwino zimene anapereka pa Idi yatha, n'kuikapo linki yake. Bungwe lina la Amalawi okhala ku Joni linachitanso chimodzimodzi. Panalinso sukulu ina, ndi tsamba la madrasa a pamzikiti pomwepo. Palibe mwa amenewa amene anaika kachizindikiro kaja.

"Zinayi," anatero Shehe.

"Zinayi! Zikwi ziwiri kugonja kwa zinayi! La haula wala kuwwata illa billah." Che Jafali anavula kofiya, n'kuiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuivalanso. Anayenda mpaka pa mpopi n'kubwerera. Mwadzidzidzi nkhope yawo inawala, pakuti munthu wa malonda salira nthawi yaitali akaona khomo lotseguka.

"Ndiye nkhani yatha, a Shehe! Tsamba la madrasa lili m'manja mwanu. Ikanipo yanga lero lomwe, yopanda kachizindikiro ka chipongwe kaja. Tonde wonenepa ndikubweretserani ndekha."

Pakhonde panali patafika akuluakulu awiri odikira swala, ndipo makutu awo anali atayamba kale kutalika. Shehe anawagwira mlendo wawo pamkono n'kupita nawo kuseri kwa madrasa, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa Msilamu savula m'bale wake pagulu.

"Che Jafali, tonde wanuyo akhale. Pali mawu amene ndakhala nawo chaka chathunthu. Pa Idi yatha, abale ena a ku Joni anagula kwa inu mbuzi zisanu ndi ziwiri kuti zizingidwe kuno, nyama ipite kwa osauka. Ndisanazinge ndinazitsegula pakamwa, monga ndimachitira nthawi zonse. Zitatu zinali zisanakwane chaka. Ina inkatsimphina mwendo wakumbuyo."

Lamulo lake Che Jafali ankalidziwa kuyambira ubwana: mbuzi ya kurubani ikhale yokwana chaka, isakhale yolumala, yodwala kapena ya diso limodzi. Yosakwana zimenezi ndi nyama chabe, nsembe ya mwini wake siikhalapo. Manyazi anawagwira, koma pakamwa panayesabe kudziteteza.

"Zinali zazikulu thupi, a Shehe."

"Zinali zazikulu, eya. Madeya amakuza mimba, koma sawonjezera miyezi."

"Ndiye munazizinga choncho?"

"Ayi. Ndinatenga zinayi za m'khola langa kuti nsembe ya anthu aja isaonongeke. Zanuzo zilipo, zinakula. Imodzi inabereka mapasa mwezi wathawu."

Che Jafali anazyolika. Chaka chonsecho ankaganiza kuti nkhani ija inadutsa popanda woiona, ndipo Lachisanu lililonse ankapereka moni kwa Shehe ndi manja awiri, mtima uli m'malo. Tsopano anakwiya, ngakhale sankadziwa bwino kuti akukwiyira yani.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Pamenepo ndinalakwa ndine. Ndinaopa kukuchititsani manyazi, ndinkangoti ndinena mawa, chaka n'kutha. Allah andikhululukire, inunso mundikhululukire. Koma ndifunseko. Mwa mbuzi zimene zili m'khola lanu lero, zoyenera kurubani ndi zingati?"

Che Jafali anayang'ana masamba a mango, anayang'ana nsapato zawo, kenako anati chapansipansi, "Mwina makumi anayi." Atangotero mtima unawaphulikanso. "Koma a Shehe, ganizirani! Masiku khumi ndi limodzi! Makumi awiri enawo ndipita nawo kuti? Ndikawabweze kumidzi? Munthu ali ku Joni akudziwa chiyani za mano a mbuzi? Iye amangofuna chithunzi cha nyama pa foni. Inu ingoikani dzina langa, zotsalazo ndi za ine ndi Allah."

Shehe anadikira mpaka mlendo wawo atatha mpweya, ndipo anayankha ndi mawu otsika omwe aja.

"Mwanena zoona, Che Jafali, munthu wa ku Joni sadziwa. N'chifukwa chake lero ndikukana. Mawa m'mawa, Insha Allah, ndibwera kukhola kwanu, tikazitsegule pakamwa imodziimodzi ndi kuziyendetsa pabwalo. Zazing'onozo mukagulitse kwa ofuna kuweta kapena kwa ophika kanyenya, ndi malonda a halali amenewo. Zimene zikwane ndidzalemba chiwerengero chake pa tsamba la madrasa, ndi linki yanu pansi pake, yopanda kachizindikiro. Sindikulonjeza kuti mudumpha masamba anayi Idi isanafike, zinthu zimenezi zimayenda pang'onopang'ono. Koma amene amawerenga tsamba lathu adzakupezani. Zoposa pamenepo musandipemphe. Munthu uja anagwira ntchito chaka chonse kudziko la eni kuti amayi ake azinge nsembe yolandirika, ndipo sangatambasule dzanja kuchokera ku Joni kudzatsegula pakamwa pa mbuzi yanu. Akadina linki imene ndaika ine, ndiye kuti akuona ndi maso anga. Maso anga sindibwereketsa pa chinthu chimene sindinachione."