Bilimankhwe ndi Mitsuko Itatu ya Vinyo

Kalekale, nyama zikufunsirabe mbeta kwa anthu, Bilimankhwe anakonda mtsikana dzina lake Mwatitha. Khala pansi iwe Fatsani, umve. Nthawi imeneyo Bilimankhwe ankayenda mothamanga, msana uli chilili.

Mayi a Mwatitha, a Nangozo, ankafulula vinyo wa zipatso. Anaika mitsuko itatu pabwalo. Wa masuku, wa nthochi, wa bwemba.

"Umodzi wafulula ndi mwana wanga," anatero atafulatira, paja apongozi sayang'anana ndi mkamwini. "Mukaudziwa, mtengeni. Mukaphonya, njira ndi iyo."

Mwatitha anadutsa ndi chikho, nkunong'oneza: "Achimwene, muzilawa nkulavula. Ngwaukali."

Bilimankhwe ananunkhiza wa masuku. Fuu! "Ukununkhira ngati tchire mvula itangogwa." Anapsontha. Kutsekemera! Thupi lonse chikasu.

Tsopano alavule. Wayang'ana uku, apongozi. Wayang'ana uko, bwalo losesedwa bwino la apongozi. Mkamwini alavule malovu pamaso pa apongozi? Ayi ndithu. Kwiti, anameza.

Ananunkhiza wa nthochi. Fuu! "Uwu ukununkhira ngati zitumbuwa zili pamoto. Wolemera, wofunda kummero." Thupi lonse biliwiri. Alavule? Apongozi. Kwiti!

Ananunkhiza wa bwemba. Fuu! "Mayo ine, uwu ukuluma mphuno! Wowawasa, koma ukatsika ukuitana mnzake." Thupi lonse psuu. Kwiti!

"Mwaudziwa?" anafunsa a Nangozo.

"Pang'ono, amayi. Ndibwereze wa masuku, bwemba wandisokoneza lilime."

Kwiti! "Tsopano ndaiwala wa nthochi." Kwiti! "Nanga wa bwemba unali bwanji?" Kwiti!

Chikasu, biliwiri, psuu! Chikasu, biliwiri, psuu! Anthu anasiya mitondo kudzaonerera. Bilimankhwe anayamba kuseka yekha. Anaupatsa moni mtsuko. Anapepesa kwa nkhuku. Mchira unapindika wokha ngati nkhata.

"Mitsuko yachuluka bwanji?" anatero. "Mwawonjezera liti?"

Mwatitha anagwira kumutu. "Achimwene, yankhani msanga!"

Bilimankhwe anadzuka, nakweza chikho. "Wa masuku! Ndi wa masuku! Wosefedwa bwino, wopanda khambi, wa dzanja lofatsa!"

Nthungululu! Analasadi. Unali wa Mwatitha. A Nangozo anamwetulira, nkutembenuka kuti avomere.

Koma vinyo anali atafika kumaso. Bilimankhwe anathamanga, dzandi dzandi, kumpitirira Mwatitha. Anakumbatira mwendo wa a Nangozo.

"Mkazi wanga wokongola! Tiye kwathu, tiwasiye amayi ako owawasa ngati bwemba!"

Anthu onse anagwira pakamwa. Nkhuku yomwe inathawa.

A Nangozo anatola tsache. Phwa! Phwa! "Chokani! Mukafunsire mtsukowo!"

Mwatitha anakwatiwa ndi wina wongomwa thobwa.

Mpaka lero Bilimankhwe vinyo uja sanamuchoke. Mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo, akuganiza kaye. Diso lina uku, lina uko, kuopa kukumbatiranso munthu wolakwika. Ndipo mitundu ija ikumuzungulirabe m'thupi.

Wamva, Fatsani? Mphuno anali nayo, ulemu anali nawo. Akanangoti, "Amayi, ndipite kuseri pang'ono," bwenzi ali ndi mkazi. Ukakhala kwa eni, manyazi asamakumezetse chimene chikugwetse. Tsegula pakamwa, upemphe.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.