Pampu Yodontha ya a Makwinja

Kalekale, nyanja ya Chilwa idakali yodzadza mpaka m'mabango, pachilumba cha Chisi padali mkulu wina dzina lake a Makwinja. Mkuluyu adali ndi boti lonyamula anthu ndi matumba a matemba kupita kudoko la Kachulu. Injini ya botilo idayamba moyo wake m'chigayo, ndipo a Makwinja ankaikonda kuposa mmene amuna ena amakondera akazi awo. Pambali pake padali kapampu kokoka madzi a m'nyanja kuti injini izizizira. Paja madzi a Chilwa ngamchere, ndiye pang'onopang'ono adadya labala wa m'kati, pampu nkuyamba kudontha.

A Makwinja adaona dontholo, musaganize kuti sadalione. Koma munthu woti zaka makumi atatu wakhala akudzitama kuti injini yake siidwala akanauza ndani? Adangokulunga pampuyo ndi kansanza, nati adzaiona mawa. Mawalo lidatha miyezi iwiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina m'mawa adanyamuka ndi anthu khumi ndi awiri. M'botimo mudalinso abale awo atatu: mwana wawo woyamba Esinala, mphwawo Wayisoni, mwana wa mlongo wawo, wokonza njinga, ndi Jailosi, mkamwini wokwatira mng'ono wake wa Esinala. Boti lililonse la pa Chilwa limalowa madzi, ndipo kukapa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, choncho palibe adadabwa kuona madzi ali thapwa kumapazi.

Wodabwa adali Esinala yekha, poti wokapa ndiye adali iyeyo. Masiku onse akafika pakati pa nyanja mkono umakhala utapuma, koma tsikuli chigubu chokapira sichinkatsika m'manja. Atayang'ana ku injini adaona kansanza kaja kali mbuu ndi mchere, madzi akutuluka pansi pake. Kumbuyo kwa boti, kumene madzi otentha amalavukira, kunkangotuluka nthunzi.

"Ababa, zimitsani injini, ikupsa!"

"Iwe kapa madzi. Injini iyi ndidayamba kuidziwa usanabadwe."

Esinala adadumpha matumba awiri a matemba, nakoka kawaya kozimitsira, injini nkukhala zii. Anthu adamukalipira kuti mwana wamwano. Koma a Makwinja atakhudza chitsulocho adachotsa dzanja msangamsanga. Ikadangoyenda pang'ono pokha, injiniyo ikadauma osadzaliranso.

Tsono boti lopanda injini ndi chidole cha mphepo. Mwera udayamba kulikankhira kumatope a m'mabango, kumene boti lolemera likatitimira limatha sabata anthu akulikoka, mwinanso nkusweka msana. Jailosi, munthu woti pamaso pa apongozi ake sankakweza mawu, adangovula malaya natenga nsungwi yaitali yokankhira boti. Adaizika m'matope, naitsamira ndi chifuwa. Mphepo ikakankha, iye nkubweza. Adalimbana nayo choncho maola awiri athunthu, zikhatho zidasupuka, nsungwi nkufiira. Mayi wina adamumvera chisoni nati apumeko.

"Ndikapuma ine, mayi, tonse tigona ndi achule," adatero Jailosi, osacheuka.

Nthawi yonseyi Wayisoni adali chogwada pa injini ndi sipanala zake za njinga. Atamasula pampu adapeza kankhata ka labala kotseka madzi katadyeka ngati chikonyo chokumana ndi mbewa. Kena katsopano kakadapezeka ku Zomba, ndipo Zomba sadali pafupi. Adayang'ana uku ndi uku, maso ake nkukathera kumapazi a malume ake.

"Amalume, tandibwerekani patapata wanuyo."

"Ameneyu ndagula dzana, iwe!"

"Ndiye bwino, labala wake akadali wofewa."

Adasema kankhata ndi lezala, koyamba kadakula, kachiwiri kadang'ambika, kachitatu kadalowa gwa. Adakapaka girizi wa njinga, namanga mabawuti. Atapukusa injini idatsokomola kawiri nkuyamba kulira, madzi akulavuka kumbuyo monga kale. Pansi pa pampu padali pouma. Amayi adalulutira, ndipo boti lidafika pa Kachulu dzuwa lili paliwombo, matemba onse ali ouma. A Makwinja adatsika akutsimphina, phazi limodzi lili ndi patapata, lina lili pansi, anthu akuseka, iwonso akuseka nawo.

Atagula pampu yatsopano nabwerera ku Chisi, mkuluyo adaitana atatu aja pansi pa mtengo wa bwemba. Mtima wawo udali mbee, ndipo adanena mosabisa.

"Ana inu, mwandisangalatsa. Wolakwa ndine, ndidabisa matenda ndi kansanza. Munthu akayamba kutero ndiye kuti wakalamba. Ndikufuna kupuma, ndizisoka maukonde pakhonde. Botili ndipatsa amene adalipulumutsa. Koma chiwongolero nchimodzi, sichigwidwa ndi manja asanu ndi limodzi."

Esinala adati, "Ababa, ndikadapanda kukunyozerani tsiku lija, Wayisoni akadakonza chiyani? Chitsulo chopsa sachisemera patapata. Ndiponso ndine mwana wanu, ndakapa madzi m'boti limeneli kuyambira ndili namwali."

Wayisoni adati, "Achemwali adazimitsa, inde, koma kuzimitsa ngakhale mbuzi itha kuzimitsa itaponda waya. Woyatsa ndine. Komanso mwambo wathu mukuudziwa, amalume: chuma cha malume chimagwera kwa mwana wa mlongo wawo."

Jailosi, atamuumiriza kuti anenepo, adatambasula zikhatho zake zomwe zidali zisanapole. "Ine ndine wobwera, bambo, kuno ndidatsata banja. Ndilibe mwambo wondiyankhulira. Koma sipanala sagwira ntchito m'boti lomwe lagona cham'mbali m'matope."

A Makwinja adayang'ana mwana wawo, nayang'ana mphwawo, nayang'ananso zikhatho zija. Adatenga patapata wobooka uja, amene adamusunga ngati chikumbutso, namutembenuzatembenuza m'manja. Onse atatu ankawakonda, ndipo aliyense adanena zoona. Mpaka nkhuku zidalowa m'khola mkuluyo asanatchule dzina.

Tsono mlanduwu ndautula kwa inu amene mwamva. Wina adaona vuto nalimba mtima kunyoza bambo ake pagulu. Wina adagwira boti ndi khungu la m'manja mwake, chonsecho boti si la kwawo. Wina adabwezera injini moyo ndi chidutswa cha patapata. Mukadakhala inu a Makwinja, chiwongolero mukadachiika m'dzanja la yani?