Chomwe Chinatsitsa Dzaye M'chipinda cha Rauta

Ana inu, munthu akapezeka ataima pafupi ndi chinthu chosweka, musafulumire kumuloza chala. Tamverani za Zione Kapalamula, katswiri wa makompyuta amene Lolemba lina anakaika rauta yatsopano pachipatala china chaching'ono kumapiri a Dedza.

Rauta ndi kabokosi kolondolera mauthenga, ndipo marauta amauzana okhaokha kuti maadiresi a makompyuta akutiakuti ali kwa yani. Zione anatsegula m'kati mwake khomo lopanda waya lotchedwa lupubaki, nalembapo nambala 24, kutanthauza kuti maadiresi onse a pachipatalapo, oposa mazana awiri, azidziwika kudzera pamenepo. Mnzake wa ku boma anaitana adiresi ya rautayo, inayankha, Zione n'kunyamuka ulendo.

Kutacha, mayi Nankhoma, amene akolopa pamenepo zaka khumi ndi zisanu, anazula pulagi ya rautayo mwangozi n'kuibwezera pomwepo. Tsiku lomwelo zotsatira za magazi sizinabwere kuchokera ku boma. Bambo Kumwembe, oyang'anira chipatala, sanafunse kawiri: mayiwo awononga makina, Lachisanu asiye ntchito.

Zione atabwerera Lachinayi anawapeza mayiwo pakhonde, maso ali psuu. Anaimbira mnzake uja kuti aone zomwe rautayo ikulengeza. Mnzakeyo anati akuona adiresi imodzi yokha, ndipo nambala yake ndi 32.

"Iwe, ine ndinalemba 24 ndi manja angawa!" anatero Zione.

Apa m'pamene anakumbukira khalidwe la OSPF, njira imene marautawo amalengezera. Iyo ikaona lupubaki imaiyesa nyumba imodzi. Ulembe mudzi wonse, imangotchula khomo limodzi basi, pokhapokha utaiuza kuti khomolo ilitenge ngati msewu wolumikiza marauta awiri. Mzere umodzi wouza rauta zimenezi Zione anauiwala. Mafunso ankapita, koma mayankho ankasowa kobwerera.

Ataulemba, mapepala a zotsatira anayamba kutuluka. Bambo Kumwembe anamuthokoza chifukwa chokonza zomwe anawononga mayi aja. Kunena zoona, Zione akanangoti zii palibe akanadziwa, ndipo mantha anali atamugwira ndithu.

"Bambo, amayiwa alibe mlandu," anatero. "Makinawa analephera Lolemba ndili pompano. Wolakwa ndine."

Bambowo anayang'ana kalata yochotsa mayiwo ntchito imene inali m'manja mwawo. Mayi Nankhoma anadzuka pang'onopang'ono n'kutola chokolopera chawo.

"Mwanawe," anatero, "masiku atatu onsewa ana anga akhala akudziwa kuti mayi wawo ndi wowononga."

N'chifukwa chake akuluakulu amati, umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Pulagi anaiona aliyense. Chomwe chinayambitsa vuto chinabisala mumzere wosalembedwa, ndipo chikanapanda kufufuzidwa, mayi wosalakwa akanapita kwawo ndi dzina loipa.