Mng'alu wa Pansi pa Ngalawa ya Tsekwe

"Kokani! Kokaninso!" anakuwa Katumbu, chingwe chili paphewa, miyendo ikutitimira mumchenga. Iye ndi mnzake Ng'azi ankakokera kumtunda ngalawa yolemera yamatabwa, koma ngalawayo sinali yawo. Inali ya Tsekwe, mayi wachikulire amene anali atawagonjetsa pampikisano wa ngalawa za matanga zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana.

Nyama za panyanja yaing'ono imeneyo zinali ndi mwambo wake. Tsiku loti mawa kuli mpikisano, gulu lililonse linkamata ngalawa ya gulu lopikisana nalo, kutseka ming'alu ndi thonje ndi phula. Zinkati amene wagwira ngalawa yako ndi manja ake sangakufunire zoipa pamadzi. Mphoto inali kansalu kofiira chabe, komangirira pamlongoti chaka chonse, koma Katumbu ankakalota usana ndi usiku.

Chapafupi pomwepo Tsekwe ankamata ngalawa ya Katumbu mosapupuluma, akugogoda thabwa lililonse ndi mlomo.

"Mng'ono wanga, ngalawa yakoyi yadzaza zipsera ngati bondo la mwana," anatero akuseka. "Kodi umaiyendetsa pamadzi kapena pamiyala?"

"Sekani lero, achemwali. Mawa muziona msana wanga wokhawokha."

"Ndimauona chaka chilichonse poyambira. Pomalizira ndiwe umaona wanga."

Katumbu anali wolimbikira ntchito, koma kudikira ankadana nako. Kunyumba kunali thanga lake latsopano, limene analisoka miyezi itatu, ndipo linatsala mpendero umodzi wokha. Atamata mbali zonse ziwiri za ngalawa ya Tsekwe, anaponya chitini cha phula pamchenga.

"Tiigubuduze tione pansi," anatero Ng'azi.

"Pansi pakhala bwino zaka zonsezi, pakavute lero? Tiyeni, thanga likundidikira."

Dzuwa lisanapendeke Tsekwe anamaliza yake nabwera kudzaona. Anasisita ngalawayo ndi phiko. "Anaikhoma ndi amuna anga chaka chimene tinakwatirana," anatero. "Iwo anapita, iyo inatsala. Wamata paliponse?"

"Paliponse," anayankha Katumbu, maso ali kumbali.

M'mawa mwake mwera unawomba bwino, ndipo ngalawa zisanu zinanyamuka kukazungulira chilumba ndi kubwerera kugombe. Thanga latsopano linamwa mphepo mpaka kutupa. Pozungulira chilumba Katumbu anali patsogolo pa onse, ndipo gombe linkaoneka, ndi kansalu kofiira kakupepeluka pamtengo. Sanafikepo pafupi chotero m'moyo wake.

Apo Ng'azi anacheuka. Ngalawa ya Tsekwe inali itazama mpaka m'milomo, ndipo mayiyo ankakapa madzi ndi chikho, osapuma.

"Sangamire, ali ndi mapiko," anatero Katumbu.

"Iwo sangamire. Imire ndi ngalawa, ndipo apa ndi pakuya."

Katumbu anayang'ana gombe kamodzi kokha, nakhotetsa chiwongolero. Atafika anangodumphira m'madzi n'kulowa kunsi kwa ngalawa. Mng'alu unali pomwepo pamene sanayang'ane, wautali ngati mchira wake. Anavuuka akupuma mwabefu.

"Thonje lilipo?"

"Lonse linathera pangalawa yako dzulo," anayankha Tsekwe.

Katumbu anakwera m'ngalawa yake, natsitsa thanga. Ng'azi anamugwira dzanja. "Miyezi itatu, mnzanga!"

"Ndipatse mpeni."

Analing'amba nsanzansanza. Ankaluma chidutswa, kumira, kuchikanikizira mumng'alu ndi zikhadabo, kuvuuka, kutenganso china. Anamira kakhumi ndi kawiri, mpaka madzi analeka kulowa. Ali mkati mwa ntchitoyo, ngalawa ya Achule inawadutsa ikuimba, ndipo posakhalitsa kugombe kunamveka nthungululu.

Anabwerera ndi nkhafi, ngalawa ziwiri zitamangidwa chingwe chimodzi. Katumbu anakhala pafupi ndi Tsekwe, mutu uli pansi.

"Achemwali, ndinakunamizani. Pansi sindinayang'ane."

"Ndinadziwa utangodumpha," anatero Tsekwe. "Sunafufuze m'mbali, unalunjika kunsi." Kenaka anamupukuta madzi kumaso ndi phiko. "Unandipweteka dzulo, lero wandipoza. Ngalawa ya amuna anga ikupita kwawo. Dzutsa mutu, anthu angaganize kuti ndakumenya."

Katumbu anaseka misozi ili m'maso. "Chaka chamawa ndidzaimata mpaka pansi, kenaka ndidzakugonjetsani bwinobwino."

"Chaka chamawa kulibe, mng'ono wanga. Mapiko angawa atopa, chingwe sindikuchikokanso ngati kale. Uwu unali mpikisano wanga womaliza. Nditakuona uli patsogolo paja, ndinakondwa kuti undipitirira ndikuona ndi maso anga."

Ndipo zinaterodi. Tsekwe anakweza ngalawa yake pamthunzi wa mkuyu, nsanza za thanga zikadali mumng'alu, ndipo sanaiyikenso pamadzi. Katumbu anasoka thanga lina, ndipo m'zaka zotsatira kansalu kofiira anakatenga katatu, Tsekwe akumuimbira nthungululu pagombe. Koma chimene ankachifuna zaka zisanu ndi ziwiri, kufika pagombe Tsekwe ali kumbuyo kwake, sanachipeze mpaka kalekale.

Phunziro: Ntchito imene mnzako wakukhulupirira nayo, igwire mpaka pamene maso ake safika. Cholakwa chimakonzeka ndipo chibale chimapola, koma mwayi umene wataya pokonza cholakwacho nthawi zina subweranso.