Mlonda Amene Anadzimanga Kumaso Pamwamba pa Phiri

Panali munthu wina, dzina lake Namakhwa, amene anagwira ntchito ya ulonda wa nkhalango paphiri lina lalitali kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nyumba yake inali m'tsinde mwa phirilo. Kuseri kwa nyumbayo kunkayambira njira imene inkakwera chakum'mawa, n'kudutsa pachidikha cha pamwamba, n'kutsata m'mphepete mwa matanthwe, kenaka n'kutsikira chakumadzulo mpaka kudzafikanso pomwe inayambira. Woyenda bwino ankanyamuka dzuwa likutuluka, n'kubwera lisanalowe. Namakhwa ankazungulira njirayo kawiri pa sabata, kuyang'ana utsi, misampha ndi zitsa zatsopano.

Mkazi wake anali asanakwereko ndi tsiku limodzi lomwe. Phirilo ankangolidziwira pa zisoso zomata pabuluku la mwamuna wake ndi pa fungo la mkungudza lotsalira m'jekete. Akafunsa za kumtunda, mwamunayo ankangoti, "Kuli bwino," n'kuyamba kuvula majombo.

Chaka chimene Namakhwa anapuma pantchito, maso ake anayamba kufooka. Zinayambira m'mbali. Posakhalitsa ankaona ngati munthu wosuzumira m'kati mwa nsungwi yobooka. Dokotala anamuunika nthawi yaitali, kenaka anazimitsa katochi kake n'kumuuza mosabisa kuti anachedwa kubwera. Mankhwala odonthezera akanangochedwetsa mdimawo, osati kuubweza.

Bamboyo anatha masiku ambiri ali pakhonde. Tsiku lina m'mwezi wa Juni kunacha koyera, kopanda ndi kamtambo komwe. Ankadziwa kuti imeneyo ndi nyengo ya chiperoni, koma ankaopa kudikira chilimwe.

"Mayi a Lusiya," iye anatero, "ndikufuna ndikalione phirili komaliza."

"Nokha?"

"Nanga ndipita ndi ndani?"

"Ine ndafa kodi?"

Mayiyo anamanga mbatata zootcha m'kansalu, anavala juzi ya mwana wake, ndipo ananyamuka awiriwiri.

Anakwera m'nkhalango pang'onopang'ono, chifukwa mkaziyo anali ndi mphumu ndipo ankapumira pamiyala. Dzuwa litakwera ndithu, mitengo inatha mwadzidzidzi, ndipo anatulukira pachidikha. Mkaziyo anaima chilili.

Kumeneko dziko linali lina. Udzu waufupi wofiirira unkawerama ndi kudzuka, kuwerama ndi kudzuka, ngati pansi pake pagona chinthu chachikulu chimene chikupuma. Panalibe nyumba, panalibe tambala wolira. Timitsinje tinkayenda mobisala pansi pa udzu, tikumveka koma osaoneka. Apa ndi apo panali maluwa achikasu ouma ngati pepala, amene ankalira tswa tswa mphepo ikawakhudza. Mithunzi ya mitambo inkadutsa pachidikhapo ngati ng'ombe zopanda mbusa. Patali panaima miyala ikuluikulu yotuwa, ina itasanjikizana ngati inaikidwa ndi manja a munthu amene anaiwala kudzamaliza.

"Zaka zonsezi mumangoti kuli bwino?" anafunsa mayiyo. "Zonsezi ndiye kuli bwinoko?"

Namakhwa anangopitiriza kuyenda. Anali pachangu. Mtima wake unali pathanthwe lina la kutsogolo, pamene chidikha chimathera ndipo phompho limayambira. Ukaima pamenepo umaona dziko lonse lili pansi pa mapazi ako: minda ya tiyi itayalidwa ngati chitenje chobiriwira, mtsinje ngati ulusi, madenga a malata akung'anima ngati mamba a nsomba. Zimenezo ndi zimene ankafuna kusunga m'mutu mdima usanafike.

Anawoloka dambo lalikulu lamatope, akuponda pa zitsa za udzu. Anadya mbatata ali chiimire. Atatsala pang'ono kufika, mphepo inatembenuka. Kunayamba kuzizira. Kuchokera kummwera, nkhungu inakwera phirilo mwakachetechete ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo inameza miyala umodziumodzi. Pamene ankaponda pathanthwe lija, kutsogolo kunali koyera mbee, kumbuyo chimodzimodzi. Dziko lonse linali litachepa, n'kutsala ngati mkeka umodzi.

Namakhwa anakhala pansi. Anayang'ana m'nkhungumo nthawi yaitali.

"Ndinangopempha tsiku limodzi," anatero. "Limodzi lokha."

Kamvula ka chiperoni kanayamba kuwaza. Juzi ya mkaziyo inanyowa, ndipo chifuwa chake chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Phokoso limenelo ndi limene linamudzutsa mwamunayo. Pa zaka za ntchito yake anali atatsitsapo pamachira anthu amene anagona m'chiperoni pamwamba apo, ndipo si onse amene anatsika akupuma. Kubwerera kunali kosatheka, chifukwa dambo lija m'nkhungu lilibe njira. Kunatsala kupita kutsogolo, kutsata m'mphepete mwa phompho mpaka potsikira.

Anamugwira dzanja mkazi wake n'kuyamba kuyenda, atatong'ola maso ake ofookawo. Anaona kamzere kotuwa ndipo anati ndiyo njira. Anakatsata. Mwadzidzidzi mkaziyo anamukoka jekete ndi mphamvu zake zonse. Jombo lake linali litagunda mwala, ndipo mwalawo unagubuduka n'kusowa. Anamvetsera. Anamvetserabe. Patapita nthawi ndi pamene anaumva ukugunda pansi, kutali kwambiri. Kamzere kaja sikanali njira. Kanali poyenda madzi a mvula popita kuphompho.

Namakhwa anabweza phazi lake.

"Ndakuphetsani, mayi a Lusiya. Maso awa andinamiza."

Mkaziyo anapuma kaye, chifuwa chikulira. Kenaka anati, "Bambo a Lusiya, kodi zaka zonse zija munkayenda ndi maso okha? Mapazi anu ankatsala kunyumba?"

Mwamunayo anaweramira kumapazi ake. Nkhungu inkadutsa pakati pawo.

"Ndipatseni mpango wanu," anatero.

Anautenga, anaupinda katatu, n'kudzimanga nawo kumaso. Anavula majombo n'kuwamangirira kumsana. Kenaka anaika dzanja la mkazi wake pa lamba wake.

"Gwirani apa. Pamene ndachotsa phazi, pondani pomwepo."

Poyamba sanamve kanthu koma kuzizira. Kenaka thanthwe linayamba kulankhula ndi mapazi ake. Mwala wa m'njira unali wokhakhala ngati mphero, ndipo unkagwira phazi. Mwala wa kuphompho unali woterera ndi ndere. Phazi likamva kuterera, iye ankalibweza. Mphepo yokwera kuchokera kuphompho inkamuomba patsaya lakumanzere, ndipo anaisunga pamenepo; ikafika pamphumi ankadziwa kuti wakhota. Anatambasula dzanja lamanja popanda kuganiza, ndipo linapeza mwala wong'ambika pakati pamalo pomwe linkaupeza nthawi zonse. Anawerama asanadziwe chifukwa chake, ndipo thanthwe lolendewera linadutsa pamwamba pa mutu wake.

"Weramani apa," anatero. "Tsopano tidumpha kamng'alu. Ndi kakang'ono, ngati khomo la khola la nkhuku."

Mkaziyo anadumpha.

Anayenda choncho ngati anthu oyenda m'maloto, mmodzi wosaona chifukwa cha mpango, wina wosaona chifukwa cha nkhungu. Nthawi ina khwangwala analira pansi pawo, osati pamwamba, ndipo mayiyo anatseka maso n'kulimbitsa dzanja pa lamba. Nthawi ina mwamunayo anaima, anabwerera mapazi atatu, anapapasa ndi chala chachikulu cha kuphazi, n'kupitiriza. Mapazi ake anang'ambika, koma sanaime. Ankalankhula motsitsa, akutchula malo alionse, ndipo aka kanali koyamba kuti mkazi wake amve mayina amene iye anapatsa miyala ya phirilo pa zaka zimene ankayenda yekha.

Kenaka anamva madzi akuyimba pansi pa miyala. Mphepo ija inachoka patsaya. Fungo la mkungudza linafika m'mphuno.

"Tafika potsikira," anatero.

Anatsika m'mitengo, madontho akugwa kuchokera m'nthambi. Atatsika ndithu, nkhungu inayamba kupyapyala, kenaka inatsala pamwamba pawo ngati denga. Mpweya unafunda, ndipo chifuwa cha mayiyo chinaleka kulira. Kutsogolo, kunsi kwa mitambo, dzuwa lopendeka la madzulo linali litathira kuwala pachigwa chonse.

"Kwayera!" anafuula mayiyo. "Masulani msanga, bambo a Lusiya, muone! Zonse zija munkafuna zili apa!"

Namakhwa anakweza manja kupita pamfundo ya mpango. Anaigwira. Kenaka anatsitsa manjawo pang'onopang'ono.

"Ndimasula tikafika pakhomo," anatero. "Ndiuzeni inuyo. Mukuona chiyani?"

Mkaziyo anamuyang'ana, ndipo anamvetsa. Anayamba kumuuza. Anamuuza za minda ya tiyi, za basi yofiira imene inkakwawa pamsewu ngati kachilombo, za utsi wa uvuni ya njerwa umene unaima chilili osapendama. Anatchula ndi zina zimene mwamunayo anali asanazionepo pa zaka zonsezo, chifukwa iye maso ake ankangofuna moto ndi misampha. Bamboyo anamvetsera, mpango uli kumaso, akumwetulira.

Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, mdima uja unafika ndithu. Sunamupeze pakhonde. Chilimwe chilichonse anthu a m'tsinde mwa phirilo ankaona nkhalamba ziwiri zikukwera chakum'mawa m'mamawa, n'kutsikira chakumadzulo dzuwa litapendeka, wakhungu ali patsogolo, wopenya akumutsatira ndi kulankhula osalekeza.

Tsono inu amene mwandimvera, musanyoze njira imene mumayenda tsiku ndi tsiku. Pemphero limene mumalibwereza mpaka kutopa nalo, choonadi chimene mumanena pamene bodza likanakupeputsirani zinthu, moni amene mumapereka kwa mnansi wovuta: zonsezi zikutsikira m'mapazi mwanu inu osadziwa. Lidzafika tsiku limene chinthu chimene mumachidalira kwambiri chidzakunamizani, kaya ndi thanzi, kaya ndi nzeru, kaya ndi dzina lanu. Tsiku limenelo simudzaphunzira njira yatsopano. Mudzayenda imene munaizolowera. Ndipo pali munthu m'nyumba mwanu amene mwakhala mukumuyankha ndi mawu awiri okha. Musadikire kuti dokotala azimitse tochi. Muitaneni sabata ino, mupite naye.