Manda a Mwana wa Mfumukazi Nguluwe

Mfumu Nyani ya dziko la Kuphiri ndi Mfumukazi Nguluwe ya dziko la Kudambo anali pa nkhondo chifukwa cha dimba la chimanga. Mtsinje wa m'malire utasefukira unasintha njira, ndipo dimba limene linali mbali ya Nguluwe linapezeka lili mbali ya Anyani. Aliyense anati ndi lake.

Kale sizinali choncho. Masiku amenewo mwambo unkalemekezedwa. Maliro akagwa Kudambo, Anyani ankatsika ndi makasu kudzakumba manda, pakuti mwini maliro sadzikumbira yekha. Akagwa Kuphiri, Nguluwe zinkakwera kukakumba. Anali adzukulu wina kwa mnzake, ndipo pamanda ankanyozana mwanthabwala mpaka ofedwa kuseka, misozi ili m'masaya.

Nkhondo inathetsa zonsezo. Tsiku lina mwana wamwamuna wa Mfumukazi anagendedwa mwala padimba paja, nafa. Mtembo unagona m'nyumba popanda wokumba manda. Mayi wake analumbira kuti salawa chakudya mwanayo asanaikidwe, ndipo anayamba kufooka.

Maiko oyandikana nawo anatumiza amkhalapakati awiri: Bambo Muimba a kuchigwa, aumbombo odya zakufa, ndi Mayi Kakowa a kumtunda kwa mtsinje, odekha mtima. Anakhazika mbali ziwirizo pamchenga.

"Tiyambe ndi malire," anatero a Muimba. "Tiyeze dimba lonse mosathamanga, ngakhale mwezi uthe. Akufa alibe changu." Polankhula, maso awo anali kunyumba ya maliro.

A Kakowa anaona kuti Mfumukazi yangoti zii. "Mayi, bwanji simukuyankha?"

"Ndiyankhe za chimanga mwana wanga akuwolera m'nyumba?"

A Kakowa anatembenukira kwa Mfumu Nyani. "Mfumu, bambo anu anawaika ndani?"

"Nguluwe."

"Nanga inu adzakuikani ndani? A Muimba awa?"

Mfumu Nyani inazolika. "Ifenso athu ofera kunkhondo tangowafotsera ndi masamba ngati agalu. Koma mwala unapha mwanayu unachokera kwa ife. Wopha angakumbe bwanji manda?"

"Akumbe mozama," anayankha a Kakowa. "Za dimba tikamba tikachoka kumanda."

M'mawa mwake Anyani anatsika ndi makasu. Palibe anawapatsa moni. Anakumba mwakachetechete mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kenaka nyani wina wokalamba anaongola msana nati, "Nguluwe inu mulibe chisoni! Ngakhale manda mumasankha pa miyala, kuti ife tithyoke misana."

Mfumukazi inakweza mutu pang'onopang'ono. "Kumba, iwe wa matako ofiira! Chimanga chathu unadya, mphamvu uli nazo."

Wina anaseka, ena natsatira, ndipo kusekako kunasanduka kulira kwa mbali zonse ziwiri. Mwana anaikidwa mwaulemu. Madzulo amenewo Mfumukazi inamwa phala. Tsiku lotsatira Nguluwe zinakwera kuphiri kukaika akufa a Anyani.

Atakhalanso pamchenga, a Kakowa anagamula kuti dimba lisakhale la Nyani kapena la Nguluwe. Onse azilima, ndipo chimanga chake chizisungidwa m'nkhokwe imodzi, chodyetsa adzukulu pa maliro a mbali iliyonse. Mfumu Nyani inavomera. Mfumukazi Nguluwe inavomera, ngakhale sinayang'ane Mfumu Nyani kumaso. A Muimba okha anakana, nati mlandu waweruzidwa mothamanga, ndipo anauluka kubwerera kwawo m'mimba muli pululu.

Phunziro: Mnansi amene ukumenyana naye lero ndiye adzakukumbire manda mawa. Woyanjanitsa weniweni amayamba ndi misozi ya ofedwa, malire pambuyo. Ndipo chenjerani ndi mkhalapakati amene amanenepa nkhondo ikamapitirira.